Tabuleti ya kaulusi kofiira

Lipingo,
Mbamba Bay,
Tanzania.

Okondedwa achimwene a Fexon,

Poyamba ndifunse za moyo wanu, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Nkhotakota. Kodi bondo lija munkadandaula nalo linasiya kutupa, kapena mukulilimitsabe m'dimba ngati mnyamata? Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, kudya ndikudya, kuntchito ndikupita, koma mtima wokha ndiye ulibe pokhala. Mwana wanga Yankho nayenso wadzuka bwino, pamene ndikulemba pano ali kusukulu.

Mvula kuno yanyanya chaka chino. Msewu wa ku Mbamba Bay wakumbika, ndipo usipa ukuvuta kuuma. Ndikauyanika pathandala m'mawa, masana ndayamba kale kuthamanga ndi pulasitiki. Denga la kukhitchini likudontha, mwini nyumba akungoti mawa, mawa. Koma izi ndi zazing'ono, si zimene zandigwiritsa cholembera.

Uthenga wanu unandipeza. Mayi uja amabwera ndi shuga kuchokera ku Nkhata Bay anandikokera pambali pamsika wa Mbamba Bay n'kundiuza kuti mwamva zoti mwana anagwa kusukulu, anthu akuno atiukira, ndiye mvula ikangodula mukubwera kudzamutenga, akakhale kumudzi pafupi ndi agogo ake, za sukulu aiwale. Nditamva, ndinachita kukhala pathumba la shuga la mwini wake. Sindikukutsutsani, achimwene. Ndinu mwini mbumba, ndipo mwanayu mumamudera nkhawa kuposa bambo ake aja anathawa atangoona matenda. Koma nkhani ikawoloka nyanja imafika theka. Pafoni sindingathe, mumandidula ndisanamalize, n'chifukwa chake ndati ndilembe, muwerenge mpaka pansi musanagule tikiti.

Chaka chino chitangoyamba, bungwe lina linabweretsa kusukulu ya Yankho zija kwathuko mukuti matabuleti. Kuno amati vishikwambi, dzina loti lilime langa likupunthwa nalobe mpaka lero. Sanabweretse ambiri ayi. M'kalasi mwa Yankho ana ndi odzaza mpaka pakhomo, choncho amakhala pansi m'timagulu, tabuleti imodzi pakati, mahedifoni n'kumayenda mutu ndi mutu. Amawatchaja ndi sola ili padenga la ofesi, ndipo tsiku la mitambo phunziro la tabuleti limafupika.

Mphunzitsi wawo ndi Mwalimu Dorotea, mtsikana wochepa thupi wa ku Chiwanda, koma ntchito imene wasenza ndi ya anthu atatu. Ana ambiri amafika akudziwa chilankhulo cha kunyumba kwawo chokha, Chiswahili n'kuchiyambira pomwepo. Muli kamnyamata kosaona bwino, iko amakakulitsira zilembo pagalasi. Muli anyamata akuluakulu amene anakhalitsa kumakoka, abwerera kusukulu mawu atayamba kale kusintha. Iye amawasakaniza dala, wachangu ndi wochedwa gulu limodzi, kuti azikokana. Nayenso tabuleti anaidziwira pantchito pomwepo, ndipo amati chinthucho sichiphunzitsa chokha, chimangomubwereka pakamwa pena pamene iye ali ndi gulu lina.

Mukumudziwa Yankho momwe analili. Mankhwala a khunyu aja amamupatsa tulo, ndipo mutu wake umagwira zinthu pang'onopang'ono. Aphunzitsi akalemba pabolodi, iye asanafike pakati afufuta kale. Anabwereza kalasi yoyamba ali chete kukhoma lakumbuyo, anzake akumutcha Mmalawi wogona. Za matenda ake ankadziwa ndi aphunzitsi okha, chifukwa kugwa konse ankagwera kunyumba, ndipo ine sindinkalengeza.

Ndiye tabuleti itabwera, achimwene, ndinaona zachilendo. Chinthu chija sichitopa. Akachidina kuti chibwereze chimabwereza, kaya kangati, osatsonya, osakweza mawu. Komanso chifukwa cha timagulu tija, anayamba kukhala bondo ndi bondo ndi ana anzake. Kwa nthawi yoyamba anabwera kunyumba ndi dzina la mnzake pakamwa: Glory wati chakuti, Glory wandigawira chitumbuwa. Tsiku lina tikudutsa pagombe anangoima, n'kuloza boti la asodzi, n'kuwerenga dzina lolembedwa m'mbali mwake, chilembo ndi chilembo mpaka kumapeto. Beseni linatsala pang'ono kugwa pamutu panga. Ameneyu ndi mwana uja tonse tinkati sukulu si yake.

Tsiku latsokalo ndinali pathandala, cham'mawa ndithu. Ndinangoona ana a sukulu akumwazikana m'njira, akukuwa kuti kifafa, kifafa, ndilo dzina la khunyu kuno. Sindinafunse munthu. Ndinathamanga osavala nsapato, usipa n'kuusiyira akhwangwala. M'kalasi ndinapeza muli pululu, ana otsala onse ali panja akusuzumira m'mawindo. Mwalimu Dorotea yekha ndiye anali atagwada pansi, atamugoneka Yankho cham'mbali, chitenje atamupindira kumutu monga ndinamulangizira kale. Mahedifoni anali akadali m'khosi mwa mwana, chifukwa inali nthawi yake yomvera. Tabuleti inali pambali pake, thovu la m'kamwa lili pagalasi. Mwalimu anaitola, n'kuipukuta ndi m'mphepete mwa siketi yake, n'kuiika patebulo. Ana m'mawindo muja anaona zonse.

Maganizo a anthu akuno pa matendawa ndi omwe aja a kwathu. Mukukumbuka momwe azakhali ankaikira kapu ya Yankho payokha pamwamba pa kabati? Kunonso amati malovu a munthu wakhunyu ukawakhudza, watenga. Pofika madzulo nkhani zinali ziwiri. Ena ankati kuwala kwa tabuleti ndiko kukugwetsa ana, ena ankati mwana wa Mmalawi wapaka matenda pa tabuleti ndipo aliyense woigwira adzagwa. M'mawa mwake theka la kalasi silinabwere. Makasitomala anayamba kulambalala thandala langa, ndipo pamjigo mayi wina anachotsa ndowa yake pafupi ndi yanga ngati muli njoka.

Nanenso ndisaname, tabuletiyo ndinaiopa. Ndinamutenga Yankho ulendo wa ku Liuli, kuchipatala cha mishoni kumene timatenga mankhwala ake. Adokotala anamukweza pasikelo n'kunena kuti mwana wakula koma mankhwala anatsalira pamsinkhu wakale, ndiye anawonjezera. Za kuwala anati alipo ena ochepa amene kuthwanima kumawaputa, choncho aphunzitsi achepetse kuwala ndipo mwana azipumira, koma asamulande. Za malovu anati ndi bodza lenileni. Ndinawapempha kuti abwere adzanene zimenezo ku Lipingo. Anangoseka mwachisoni, amvekere akhala akunena zaka ndi zaka.

Kenako kunaitanidwa msonkhano wa makolo pabwalo la sukulu. Ine ndinakhala kumapeto, ndipo mbali zanga zonse ziwiri kunatsala malo oti n'kugona munthu. Amene analankhula kwambiri ndi Getruda, mayi ake a Glory yemwe uja, mzimayi wamtali wogulitsa zitumbuwa, wa mawu oti akamayimba kutchalitchi safuna maikolofoni. Anati asankhe chimodzi, achotse matabuleti kapena achotse mwana. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa anthu ngati kwathu kulibe masukulu. Mawu ndinali nawo, achimwene, pakamwa panga mukupadziwa. Koma kwa eni kulibe mkuwe, komanso Chiswahili changa chimathawa ndikachita mantha. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi.

Mwalimu Dorotea anaimirira n'kunena kuti iye anapukuta thovulo yekha, dzanja lomwelo anadyera, nanga bwanji sanagwe? Anamuyankha kuti akuluakulu magazi awo ndi olimba. Azibambo nawo sanafune kuti matabuleti abwezedwe, poti ana awo anali atayamba kuwerenga. Ndiye ahedi, a Onesmo, munthu wosafuna kukhumudwitsa aliyense, anapeza njira yapakati. Anati tabuleti imene inagwera malovu ikhale ya Yankho yekha pamodzi ndi mahedifoni ake, aimange chizindikiro kuti mwana wina asaigwire mwangozi, ndipo iye azikhala payekha pawindo.

Getruda anasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chake chofiira, n'kuupereka kwa mwalimu atatambasula mkono, thupi lili kutali. Mwalimu anaumanga pa kabowo ka pakona ya chikuto cha tabuleti, ndipo mkwiyo wake wonse unathera pa mfundo. Anazimanga zolimba zedi.

Poyamba ndinathokoza Mulungu kuti sanamuchotse. Ndinafika podziseka ndekha kuti taonani, mwana wa wogulitsa usipa ali ndi tabuleti yakeyake ngati mwana wa nduna. Koma Yankho anayamba kufota. Chakudya ankangochitosatosa, dzina la Glory linazimiririka pakamwa. Nditamufunsa kuti vuto n'chiyani poti tsopano sakulimbirana ndi munthu, anandiyankha mawu amene sanandichokebe m'mutu.

"Amayi, ndikakhoza imawomba m'manja, koma siseka."

Kuyambira tsiku la kugwa lija ndinali ndi chizolowezi chozungulira kusukulu, ngati ndikupita kumjigo, kuti ndingosuzumira ngati ali bwino. Tsiku lina ndinasuzumira monga mwa masiku onse. Pansi pa windo panali mitu iwiri yogundana. Glory anali atanyonyomala pafupi ndi Yankho, mahedifoni atawapotoza kuti aliyense amve ndi khutu limodzi, zala zawo zili pagalasi lomwe lija. Gulu la Glory linali litaphatikizidwa ndi lina chifukwa cha tabuleti yochotsedwayo, ndiye ana anachuluka moti belu linkalira iye asanagwireko. Mwana anaona tabuleti ili ndi munthu mmodzi, munthuyo ndi mnzake, basi anapita. Mwalimu anali akulemba pabolodi, ndipo analemba nthawi yaitali kwabasi osacheuka.

Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi ndithu, ndinachita mantha. Nditamukokera mwalimu pambali, anandiuza kuti maso ake ali kutsogolo, za kumbuyo saziona, ndipo iye sanaphunzire ntchito yolekanitsa ana. Kunyumba ndinamuuza Yankho kuti Glory akabweranso amuthamangitse. Anandiyang'ana mpaka ine mwini ndinathawitsa maso.

Ana sasunga chinsinsi. Pasanapite nthawi Getruda anatulukira pathandala panga. Ndinkayembekeza phokoso, koma analankhula motsitsa, ndipo zimenezo ndizo zinandiopsa koposa. Anati wamukwecha mwana wake ndi phulusa m'makutu ndi m'manja mpaka khungu kufiira. Kenako anawerama pafupi ndi nkhope yanga.

"Ndikumuyang'ana mwana wanga. Tsiku limene adzagwe, iwe ndi wakoyo mudzawoloka nyanja osadikira sitima."

Tsono taganizani, achimwene, nyengo yake ino ya mvula, udzudzu uli ponseponse. Inu mukudziwa kuti malungo akakwera kumutu mwana aliyense amatha kukomoka n'kumaphiriphitha, ngakhale kwawo kulibe khunyu. Kuno amati degedege, ndipo chaka chilichonse imagwira ana angapo m'mudzi muno. Ndinazindikira kuti udzudzu umodzi wokha ukhoza kutisamutsa.

Ndinayamba kusamala mwana wa Getruda kuposa wanga. Yankho akangofika, mafunso oyamba anali akuti Glory anabwera, anasewera, sanagone m'kalasi? Popemphera ndinkayamba ndi dzina la Glory, la Yankho pambuyo, Mulungu andikhululukire. Nditamva kuti neti ya kwawo ndi yobooka, ndinatenga yanga yatsopano n'kupatsa mwalimu kuti akaipereke osatchula dzina langa. Mpaka pano tikugona mu neti imodzi ndi Yankho, mapazi anga ali kunja. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kwa ine sichinali chikondi ayi, anali mantha okhaokha.

Neti ija inachedwa. Tsiku lina Yankho anabwera n'kunena kuti Glory sanaoneke, akuti watentha thupi. Ndinakhala pakhonde manja ali lende. Mtima wina unkati tseka chitseko, wina unkati pita ukaone. Ndinapita dzuwa litangopendeka.

Ndinapeza azimayi angapo kwa Getruda. Mwana anali m'nyumba pamphasa pafupi ndi mbaula, wotentha ngati chitsulo chosiyidwa padzuwa. Anali akumufukiza masamba. Kuchipatala ankaopa, chifukwa alipo ambiri okhulupirira kuti mwana wa degedege akabayidwa jakisoni amafa. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, maso a Glory anatembenuzika, thupi linauma, manja ndi miyendo n'kuyamba kugwedezeka, thovu n'kutuluka pakamwa.

Kalanga ine, azimayi onse aja anathawira panja, wina mpaka kugwetsa ndowa. Getruda anabwerera chambuyo mpaka pakhomo n'kuima pomwepo, manja kumutu, akulira dzina la mwana wake, koma mapazi osasuntha. Ankafuna kumugwira, ndinamuona, koma mantha amene anadzala yekha aja anamumanga. Ine manja anangochita okha zimene azolowera. Ndinakankha mbaula, ndinamutembenuza mwana cham'mbali, ndinamasula diresi pakhosi, thovu ndinalipukuta ndi dzanja langali poti nsalu panalibe pafupi. Mumtima ndinkangoti basi zathu zatha, mawa tiwoloka.

Atangodekha ndinamunyamula n'kumuuza Getruda kuti za kundithamangitsa tikamba pambuyo, panopa tiyeni ku Liuli. Sindikudziwa kumene Chiswahili chinachokera tsiku limenelo. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, mwana ali pachifuwa panga, mayi ake pambuyo pa inayo, matope akutithira mpaka kumutu. Kuchipatala anamubaya chala, ndipo sanachedwe kunena kuti ndi malungo aakulu. Atatulutsa jakisoni Getruda anatseka maso n'kundigwira mkono, ndipo zikhadabo zake zinasiya timabala timene ndikutiona pano ndikulemba.

Mu wodi muja munali ana ena a degedege ochokera kumapiri, kumidzi yoti tabuleti sanaionepo, dzina la Yankho sanalimvepo. Getruda anayenda yekha bedi ndi bedi, akufunsa amayi awo kumene achokera ndiponso ngati anawo ali pasukulu.

Ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo chifukwa cha Yankho. Getruda sananditsanzike, sanathokoze, sanatukwane. M'mudzi nkhani inali itafala kale yoti mwana wa Mmalawi wagwetsa mnzake. Masiku amenewo Yankho sindinamutumize kusukulu. Chitseko ndinkachichirikiza ndi mpini ngakhale masana, ndipo phazi lililonse lodutsa panja linkandidzidzimutsa. Ndi sabata yomweyo imene uthenga wanu unandipeza, tsiku limene ndinalimba mtima kukagulitsa ku Mbamba Bay kumene anthu sandidziwa kwambiri. Kunena zoona, achimwene, nditafika kunyumba ndinatsitsa chikwama n'kulongedza zovala za mwana.

Woyamba kugogoda anali Mwalimu Dorotea. Anati Glory watuluka m'chipatala, ndipo iye sakufuna kuona malo a pawindo ali opanda munthu. Anamugwira Yankho padzanja yekha mpaka kusukulu. Ine ndinapita pathandala, koma usipa ndinkangoutembenuza osauona.

Zimene zinachitika m'kalasi ndinamva kwa mwalimu ndi kwa Yankho, ndipo mawu awo ndi amodzi. Akuti phunziro la tabuleti litangoyamba, Getruda analowa osagogoda, Glory ali kudzanja, wowonda koma akuyenda yekha. Analunjika pawindo, ndipo Yankho anabisa nkhope m'mawondo poganiza kuti amenyedwa. Getruda anatola tabuleti ija ndi manja onse awiri n'kuyamba kumasula ulusi. Mfundo za mwalimu zija zinakana. Anayesa ndi zikhadabo, zinakanabe. Basi anaikweza kukamwa, milomo ili pachikuto chomwecho, n'kuudula ndi mano, ana onse akuona. Anamukhazika Glory pafupi ndi Yankho, tabuleti pakati, n'kutuluka.

Kuchoka apo anabwera kwa ine. Anaponya kaulusi kaja pamwamba pa usipa wanga.

"Malovu a mwana wanga unawagwira ndi dzanja lako. Ine mayi wake ndinaima pakhomo."

Ananena zokhazo. Kenako anafunsa mtengo wa usipa, ndipo musaganize kuti anandimvera chisoni, ananenerera ngati masiku onse mpaka ndinamuikira basera.

Sindikunamizani kuti zatha. Makolo ena akadali ndi mawu, ndipo alipo amene anauza ana awo kuti asakhale gulu limodzi ndi Yankho. Ahedi akuti nkhaniyi aikambanso pamsonkhano ukubwerawu, ndipo bambo aja amapita kumene kwalowera mphepo. Mvula sinathe, udzudzu sunathe, ana m'kalasi muja ndi ambiri, ndipo si mayi aliyense amene adzayende bedi ndi bedi kufunsa. Yankho naye akhoza kugwanso, mankhwala si Mulungu. Ana akangokuwa m'njira, ngakhale akuthamangitsa mpira, ine ndaponya kale beseni. Ndikuopa, achimwene, ndikuopa tsiku lililonse.

Koma kumudzinso akhoza kugwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko adzagwa kapu yake ili pamwamba pa kabati, ndipo zilembo zimene wagwira movutikirazi zidzamuthothoka chimodzichimodzi. Kuno dzulo anabwera akuseka, ati Glory analakwitsa samu, tabuleti n'kumuuza kuti ayesenso, ndiye iye, Yankho wathu yemweyu, ndi amene anamuonetsa pomwe anaphonya. Kamnyamata kosaona bwino kaja nako kasamukira kugulu lawo. Nkhani imeneyi anandiuza akudya, ndipo m'mbale simunatsale kanthu.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Musabwere kudzamutenga. Ngati mtima wanu sukukhazikika, bwerani ndithu, nyumba ilipo ngakhale ikudontha, koma mubwere ngati malume odzacheza, mudzayende naye pagombe akuwerengereni maboti onse. Mukadzaona ndi maso anu n'kunenabe kuti apite, sindidzalimbana nanu. Amayi muwafotokozere mofatsa, musawawerengere zonsezi, mtima wawo mukuudziwa.

Mupereke moni wanga kwa amayi, kwa alamu anga ndi ana onse, kwa achemwali a ku Dwangwa ndi amuna awo. Azakhali nawonso muwapatse moni, ndipo muwauze kuti ndati kapu ija aitsitse aiike pamodzi ndi anzake. Yankho akupereka moni kwa agogo ake ndi kwa inu amalume ake. Sakudziwa kuti munanena zodzamutenga, ndipo sindinamuuze.

Kaulusi kaja ndakakulunga m'kapepala n'kuika m'kalata momwemu, musakataye poganiza kuti ndi chinyalala. Mukayang'ane kumapeto kumene kwamanyuka, ndi pamene panadutsa mano a Getruda. Chikwama chija sindinachimasule. Chili kuseri kwa chitseko, ndipo Yankho amachidutsa m'mawa uliwonse popita kusukulu, n'kuchiyang'ana. Ndikudikira mawu anu kuti ndibweze zovala zake pachingwe.

Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Ketrina